Funsani Anamwino: Opaleshoni yophwetsa mimba yandikhumudwitsa

Makalata a mwezi uno akukamba za opaleshoni yochotsa khungu ndi mafuta olendewera pamimba, ija madokotala amati abdominoplasty ndipo ambiri amangoti tummy tuck. Kale nkhani zotere tinkangozimvera kunja, koma tsopano zafika kwathu kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo. Maina ndawabisa monga mwa nthawi zonse.

Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 39, ndimakhala ku Luchenza ndipo ndimachita geni ya zovala ndi nsapato zimene ndimakapikula ku Johannesburg. Ndili ndi ana anayi, awiri omalizawo ndinachira kudzera pa opaleshoni. Chibadwire mwana womaliza mimba yanga sinabwererenso. Khungu linkalendewera mpaka kuphimba chipsera, ndipo nyengo yotentha pansi pake pankanyeka n'kumatuluka tizilonda ndi fungo. Kumsika anthu ankandifunsa kuti ndichira liti, chonsecho mwana ali ku sitandade 2.

Miyezi inayi yapitayo ndinapangitsa opaleshoniyi pa chipatala china cholipira ku Johannesburg komweko. Ndalama zina ndinasunga ndekha, zina ndinakongola ku banki m'khonde ndipo ndikubwezabe. Bambo akunyumba ndinawauza kuti adokotala anangokonza chipsera chakale. Amene akudziwa zoona ndi mng'ono wanga yekha amene amakhala kumeneko. Ndinabwerera pa basi masabata awiri asanathe chifukwa makasitomala ankadikira katundu.

Vuto ndi ili. Pamwamba pa mchombo mimba idakali yotukuka, makamaka madzulo. Pamwamba pa chipsera pali chotupa chofewa, ndikadina mbali imodzi mbali inayo imagwedezeka ngati muli madzi. Kumapeto kwa chipsera, cha m'chiuno mbali zonse, kwatsala tikhungu tosongoka timene timaoneka ngakhale ndavala siketi. Kunsi kwa mchombo kuli dzanzi, ndipo mchombowo sukuoneka ngati wanga. Ndikawalembera a chipatala chija pa WhatsApp amangoyankha kuti ndidikire. Mayi wina pa Facebook akufuna kundigulitsa tiyi ndi lamba wophwetsa mimba, wina akuti ndipite ku India akakonzenso. Kuchipatala kwathu kuno ndikuopa, manesi ena ndi makasitomala anga, adzati ndalama zandichulukira. Ndimalira ndikamasamba. Ndichite chiyani?

Wokhumudwa, Luchenza

Mayi,

Pepani kwambiri. Ndiyamba ndi chotupa chogwedezekacho, chifukwa pa zonse mwalembazi ndi chokhacho chimene sichingadikire. Pitani kuchipatala sabata ino.

Pochita opaleshoniyi dokotala amang'amba kuchokera pa fupa la chiuno lakumanja kukafika lakumanzere, kenako amasiyanitsa khungu lonse ndi mafuta ake ku minofu, kukwera mpaka cha kunthiti. Akadula lotsalira amakokera lina lija pansi n'kusoka. Pakati pa khungu ndi minofu pamatsala mpata waukulu woyenera kumatirirana, ndipo timitsempha tonyamula madzi a m'thupi timene tinadulidwa timadonthezera mmenemo. N'chifukwa chake masiku oyambirira amakuikani timapaipi ndi kukuvekani lamba. Madziwo akapitiriza kusonkhana timapaipi titachotsedwa, madokotala amati seroma, ndipo pa mavuto onse a opaleshoniyi ili ndi limene limapezeka kawirikawiri. Akakhala ochepa thupi limawamwa lokha m'masabata angapo. Anu atha miyezi. Madzi akakhalitsa chonchi thupi limawamangira kathumba, ndipo kathumbako kakakhwima jakisoni sathandizanso, pamafunika mpeni. Mukuona tsono chimene ndikukufulumizitsirani.

Zimene akachite si zoopsa. Akakuunikani ndi sikani yomwe ija timaunikira amayi oyembekezera, kuti aone ngati ali madzi, magazi ogwirana kapena mafinya, kenako akawapopa ndi jakisoni pamalo aukhondo. Nthawi zina amapopa kangapo asanaumiretu. Ku Luchenza muli pakati pa zipatala: cha boma ku Thyolo, cha boma ku Mulanje, Mulanje Mission, ngakhale Malamulo ku Makwasa. Pakafunika dokotala wamkulu wa maopaleshoni adzakulemberani kalata yopita ku Queens ku Blantyre. Musalole munthu kuboola pamenepo kunyumba kapena kutemapo mphini, chifukwa tizilombo tikangolowa madziwo amasanduka mafinya. Mukamva thupi kutentha, kapena pachotupapo payamba kutentha, kunyezimira ndi kupweteka, musadikirenso sabata, nyamukani tsiku lomwelo.

Tsono za manyazizi. Chinsinsi chimenechi, Mayi, chakudyerani zambiri. Simunalembe, koma moyo wa mayi wa geni ndimaudziwa. Munthu wochitidwa opaleshoniyi amayenda chowerama sabata yoyamba kapena iwiri, amavala lamba pafupifupi masabata 6, ndipo nthawi yonseyo saloledwa kunyamula cholemera. Inu munafika pakhomo pamene aliyense ankadziwa kuti angokonza kachipsera. Ndani akanakuletsani kutsitsa mabelo, kukwera njinga yamoto pa msewu wa mabampu, kapena kusenza ndowa? Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20. Nthawi iliyonse imene mumadzikunga kuti munyamule, khungu lija limasereseka pamwamba pa minofu, kumatirirana kuja n'kuyambiranso. Sindikukudzudzulani. Ndikufuna muone kuti akapopa madziwo inu n'kubwerera ku mabelo, adzadzazanso.

Nanga basi ija! Kuchoka ku Johannesburg kudutsa pa Beitbridge, Harare, Tete mpaka Mwanza, munthu amakhala chopinda miyendo kupitirira tsiku lathunthu. Pa maopaleshoni okonza maonekedwe, iyi ili m'gulu la zimene zimabweretsa kwambiri ngozi ya magazi kugwirana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibulumwacho chikathamangira kumapapo munthu amatha kugwa n'kutisiya pomwepo. Inu Mulungu anakudutsitsani. Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi ulendo wotere: mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka pa katumba, kapena mukayamba kubanika ndi kumva chibayo pachifuwa, limenelo ndi la ambulansi.

Nesi kapena kiliniko saloledwa kutulutsa nkhani ya wodwala, ndipo wochita zimenezo mutha kukamudandaula ku Nurses and Midwives Council of Malawi kapena ku Medical Council of Malawi. Komabe ndikudziwa kuti lamulo silichotsa mantha. Ngati pa chipatala chapafupi pali makasitomala anu, kwerani minibasi mupite chakutali. Koma mukafika nenani zonse: dzina la opaleshoni, mwezi, dziko, mankhwala amene munamwa. Alembe m'buku lanu lakuchipatala. Bambo akunyumba nawonso auzeni. Mutadwalika usiku, amene adzayankhe mafunso a adokotala ndi iwowo, ndipo adzanena za kachipsera kakale. Mwina adzanyanyala chifukwa cha ngongoleyo. Zimenezo ankhoswe amazitha.

Wina akadzati ndalama zakuchulukirani, mukumbutseni za tizilonda tija. Khungu lolendewera limene pansi pake pamanyeka mwezi wa Okutobala si nkhani ya matama. Ku wodi ndawaona amayi ambiri othyola tiyi m'maesiteti muno atapinda kansalu pansi pa khungu lotero kuti athe kupirira tsiku lonse dengu lili kumsana. Palibe mwa iwo amene akanakusekani.

Kutukuka kwa pamwamba pa mchombo ndi kumene kukufuna kudekha, chifukwa zoyambitsa zake n'zingapo ndipo chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Mwati kumakula madzulo. Imeneyo ndi nkhani yabwino, pakuti mimba imene m'mawa imakhala yophwa n'kumatukuka dzuwa likamapendeka nthawi zambiri imakhala kuti ikadali yotupa. Njira zotulutsira madzi zinadulidwa ndipo thupi likulambula zatsopano. Zimenezi zimatenga miyezi 3 mpaka 6, kwa ena chaka. Apa pokha ndiye a pa WhatsApp aja akunena zoona. Chepetsani mchere, muziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo mukakhala pa shopu musakhale malo amodzi tsiku lonse.

Koma ngati m'mawa momwe pali potukuka, tiganizire minofu. Pakati pa mimba pali minofu iwiri yaitali yotsika kuchokera kunthiti, ndipo pathupi imakankhidwa n'kutalikirana. Kwa mayi wa ana anayi nthawi zambiri simabwererana yokha, n'chifukwa chake pa opaleshoniyi dokotala amaisoka kuti iyandikane. Ena sasoka, ena amasoka kunsi kokha, ndipo nthawi zina ulusi umamasuka munthu akanyamula zolemera msanga. Gonani chagada, pindani maondo, dzutsani mutu ngati mukufuna kuyang'ana zala zakumapazi. Pakati pa mimba pakatuluka kamzera kotukuka kuchokera pachifuwa kutsikira kumchombo, kapena zala zanu zikamira mu mpata pamenepo, mukawauze adokotala.

Kenako imirirani mutsine pamalopo. Ngati mukugwira mnofu wonenepa pakati pa zala, amenewo ndi mafuta a pansi pa khungu, ndipo madokotala ambiri amasiya dala ena pamwambapo poopa kuwononga mitsempha yodyetsa khungu. Atha kudzapopedwa mtsogolo. Ngati simukutsina kanthu koma mimba ili gwa, yokankha kuchokera mkati, amenewo ndi mafuta ozungulira matumbo, ndipo palibe dokotala amene amawafikira ndi opaleshoniyi. Telala atha kuchepetsa thumba n'kulisoka bwinobwino, koma chimanga chili mkatimo chikhala chomwecho. Amenewo amachoka ndi kuchepetsa thupi basi: nsima yocheperako, ndiwo zamasamba zochulukirapo, zakumwa zotsekemera ndi mandasi a pa ulendo kuzisiya. Poti mukupita kale ku sikani, apempheni aunikenso chiberekero. Zotupa za m'chiberekero n'zofala kwambiri pakati pa amayi akuda a msinkhu wanu ndipo zimakankha mimba. Aonenso ngati palibe mpata umene matumbo akutulukira, makamaka pafupi ndi mchombo kapena pa chipsera cha maopaleshoni awiri aja.

Kuti adokotala a kuno asamangoganizira, akufunika mapepala. Siyani kucheza ndi wolandira alendo pa WhatsApp. Lembani imelo, mupemphe lipoti la opaleshoni lonena ngati minofu inasokedwa ndi kuyambira pati, ngati anapopa mafuta, ngati anaikamo kaneti kolimbitsa minofu, komanso zithunzi zimene anakujambulani musanalowe ku fiyeta. Ku South Africa lamulo la National Health Act la 2003 limati wodwala apatsidwe lipoti potuluka m'chipatala, ndiye simukupempha chisomo. Mng'ono wanu uja atha kukawaimira pakhomo. Funsaninso dzina lonse la dokotalayo ndi nambala yake ya ku Health Professions Council of South Africa. Kaundula wa bungweli ali pa intaneti, ndipo mutha kuona ngati munthuyo analembetsedwa ngati katswiri wa maopaleshoni okonza thupi kapena ndi dokotala wamba. Madandaulo amapitanso komweko. Koma ndikuuzeni mosabisa: kusakhutira ndi maonekedwe si umboni woti dokotala analakwitsa, ndipo kulondola ndalama kudutsa malire a mayiko atatu n'kotopetsa. Chimene mungapindule msanga ndi kufunsa, polemba, kuti amatani munthu akafuna kukonzedwanso. Ambiri amachepetsa kapena kuchotsa malipiro a dokotala, koma za fiyeta ndi za wogonetsa mumalipirabe.

Tikhungu tosongoka ta m'chiuno tisakusowetseni tulo. Timabwera chifukwa khungu la pamwamba limakhala lalitali kuposa la pansi pozisokera pamodzi. Tina timaphwa kutupa kukatha, totsalato timadulidwa pakatha miyezi 6 mpaka chaka, ndi jakisoni wa dzanzi chabe, munthu n'kubwerera tsiku lomwelo. Mchombo ndi wanu womwe uja, sanausunthe, anangoubowolera khomo latsopano pa khungu limene linatsitsidwa. Maonekedwe ake amasintha chipsera chozungulira chikamafewa. Muziutsuka ndi kuupukuta bwino.

Dzanzi ndiye ndikuchenjezeni. Mitsempha yomvera inadulidwa, imamera pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, ndipo kadera kakang'ono pamwamba pa chipsera katha kukhala choncho mpaka kalekale. Ngozi yake ndi moto. Ife kuno pakapweteka timathamangira kuthowa ndi madzi otentha, ndipo chiperoni chikafika mu Juni ndi Julaye timakumbatira mbaula. Khungu losamva limapsa mwini wake akucheza. Musathowe, musaikepo botolo la madzi otentha, ndipo madzi osamba muziyamba mwawayesa ndi dzanja.

Ku India musapite panopa. Khungu lanu linasiyanitsidwa ndi mitsempha yambiri imene inkalidyetsa kuchokera pansi, ndipo likukhalira magazi ochokera m'mbali pamene yatsopano ikumera. Kulinyamulanso msanga n'kuliika pangozi yoti life n'kuda, bala n'kutseguka. Madokotala osamala amadikira miyezi 6 mpaka 12, ndipo ine ndimakonda chaka chathunthu, chifukwa pofika pamenepo zina mwa zimene zikukulizani lero zidzakhala zitatha zokha. Amene angavomere kukung'ambani pa miyezi inayi atangoona chithunzi pa foni akufuna ndalama zanu. Tiyi uja nthawi zambiri amakhala wotsegula m'mimba kapena wokodzetsa: sikelo imatsika masiku awiri, mukamwa madzi n'kubwerera. Lamba wothina kwambiri sasungunula mafuta. Valani wokhawo amene adokotala angakuuzeni akatha kupopa madzi.

Kulira posamba kuja ndakumva. Ambiri amagwa mphwayi miyezi yoyambirira, ngakhale amene zawo zinayenda bwino, chifukwa ululu, ngongole ndi chipsera zimafika msanga pamene maonekedwe amachedwa. Zithunzi za pa Facebook amajambula munthu atadzikoka, mpweya atabweza, kabudula ataphimba chipsera. Inu dzijambuleni kamodzi pa mwezi, m'mawa, pamalo omwewo, kutsogolo ndi cham'mbali, ndipo pakati pa masiku amenewo galasi muzilipatsa mpata. Ngati chisoni chafika posowa tulo, kusadya kapena kuganiza zodzipweteka, kanenenso zimenezo kuchipatala tsiku lomwelo la sikani. Nazonso zili ndi chithandizo.

* * *

Anamwino,

Ine ndine mphunzitsi, ndimakhala pa Chitakale. Yanga ndinapangitsa ku India ndipo patha chaka ndi miyezi iwiri. Mimba inaphwa bwino, pamenepo sindidandaula. Koma chipsera chatupa, chalimba, chada bii, chimayabwa mpaka ndimadzikanda m'kalasi, ndipo pakatikati chikukulirakulira kukwera m'mwamba. Khutu langa lakumanzere linachitanso chimodzimodzi nditaboola ndili mtsikana. Ndakhala ndikudzolapo mafuta oyeretsa khungu koma palibe chikusintha. Kodi ndikachidulitse?

Mphunzitsi, Chitakale

Aphunzitsi,

Musachidulitse, ndipo mafutawo alekeni lero.

Zipsera zotupa zili mitundu iwiri. China chimatupa koma chimakhala m'malire a bala, ndipo chimayamba kuphwa chokha pakatha chaka kapena chaka ndi theka. China chimadumpha malire n'kumadya khungu labwino, sichiphwa chokha, ndipo ndi chimene madokotala amati keloid. Chanu chikukula patatha chaka, komanso khutu linachitira kale umboni, ndiye chikuoneka kuti ndi chachiwirichi. Chimakonda anthu akhungu lakuda ndipo chimayenda m'magazi a pamtundu. Si kuti dokotala anasoka moipa, ndipo si matsenga. Thupi lanu likayamba kutseka bala silidziwa polekera.

Ndiye taganizani: kudula ndi kupanga bala latsopano pa thupi lomwelo. Keloid yongodulidwa popanda chithandizo china nthawi zambiri imabwerera, mwinanso yaikulu kuposa poyamba. Madokotala akaganiza zodula amaphatikiza ndi majakisoni, kapena kuwotcha ndi makina a radiotherapy m'masiku oyambirira bala likangosokedwa. Koma sayambira pamenepo. Amayamba ndi jakisoni wa triamcinolone wobaya m'chipsera mwenimwenimo, kamodzi pa masabata 4 mpaka 6, kangapo. Amapweteka, sindikunamizani, chifukwa mnofuwo ndi wolimba. Koma kuyabwa kumachepa msanga ndipo chipsera chimafewa n'kutsika. Atha kuyeretsa kapena kupyapyalitsa khungu lozungulira, n'chifukwa chake wobaya akhale wodziwa ntchitoyi, osati aliyense wa jakisoni m'thumba. Pemphani kalata ku chipatala cha boma ku Mulanje yopita ku kiliniki ya matenda a khungu ku Queens.

Timapepala ta silicone tomata pa chipsera timathandizanso, koma timafuna khama: maola 12 kapena kuposa pa tsiku, kwa miyezi ingapo, ndipo timagwira bwino pa chipsera chatsopano kusiyana ndi chokhwima ngati chanu. Ndi chinyontho cha kuno muzitsuka pansi pake tsiku lililonse. Lastiki wa kabudula kapena mkombero wa siketi usamakhule pamenepo, ndipo zikhadabo muziwenga.

Mafuta oyeretsa aja ambiri amakhala ndi clobetasol, hydroquinone, ena mercury. Sangalowe mpaka mkati mwa keloid, amangopyapyalitsa khungu labwino la m'mbali, kubweretsa mizere yong'ambika, ndipo hydroquinone ukamudzola nthawi yaitali amatha kudetsa khungu moti silibwereranso. Kuda kwa chipsera kumachepa pang'ono chikaphwa, koma musayembekeze kuti chidzafufutika. Chimene tikufuna ndi chipsera chophwa, chosayabwa, chobisika pansi pa chovala.

Kwa amene simunapangitse: yang'anani khutu, katemera wa paphewa, mphini zakale, chipsera cha opaleshoni yochira. Ngati zinatupa, muuzeni dokotala musanalipire kalikonse, chifukwa chipsera cha opaleshoniyi n'chotalika kuchoka chiuno kufika chiuno.

* * *

Uthenga wina unabwera pa foni kuchokera ku Limbuli. Mlongo akuti achemwali ake anachitidwa opaleshoniyi masabata atatu apitawo, pakati pa bala patseguka, khungu la pamwamba pake lada ndipo pakununkha. Akufunsa ngati angathirepo uchi kapena ufa wa makapisozi.

Ndinawayankha tsiku lomwelo, koma ndibwereze pano. Ayi, atengereni kuchipatala lero. Pakati pa bala ndi pamene khungu limakokeka kwambiri komanso pamene magazi amafika movutikira, ndiye likafa limayambira pamenepo. Lakufalo liyenera kuchotsedwa, bala lizitsukidwa, ndipo ayezedwe shuga. Ngati amagwiritsa ntchito fodya wamtundu uliwonse, wosuta, wa mphuno kapena woika mkamwa, aleke, chifukwa amafinya timitsempha tomwe tikufunikato. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a shuga asadumphitse. Mabala otere amapola, koma amatenga masabata ambiri, ndipo za kukonza chipsera zidzakambidwa chaka chamawa.

* * *

Anamwino,

Akazi anga anapangitsa opaleshoniyi zaka ziwiri zapitazo, ndalama ndinapereka ndine nditagulitsa nthochi ndi ng'ombe imodzi. Tinagwirizana kuti ana atatu akwana. Pano ali ndi pathupi pa miyezi itatu. Mayi anga akuti mimba yosokedwa singatambasuke ndipo mwana adzapanikizika. Ine nkhawa ndi ya mwanayo, komanso kunena zoona ndalama zija zikundiwawa. Akazi angawo ayamba kudya pang'ono ndi kudzimanga chitenje kuti mimba isawonongeke.

Bambo wa ku Bvumbwe

Bambo,

Mayi anu auzeni mwaulemu kuti mtima ukhale pansi. Opaleshoniyi imathera pa khungu ndi pamwamba pa minofu, sifika pa chiberekero. Khungu ndi minofu yosokedwa zimatambasukabe, ndipo amayi ambiri achira ana athanzi atachitidwa opaleshoni yomweyi. Akazi anu atha kumva kukokeka ndi kuthina kuposa pa mimba zinazo, makamaka miyezi yomaliza.

Chimene chingapweteke mwanayo ndi chimene ayambachi. Kudzimana chakudya kumabweretsa kuchepa kwa magazi ndi mwana wobadwa wonyentchera. Chitenje amasule, adye mokwanira, amwe mapiritsi a magazi amene akapatsidwe. Ngati sanayambe sikelo ayambe sabata ino, ndipo mupite nawo. Masiku ano timalimbikitsa kuonana ndi achipatala maulendo 8 pa mimba yonse. Akawauze anamwino za opaleshoniyo ndi kuwaonetsa chipsera, chifukwa wosadziwa atha kuchiyesa cha opaleshoni yochira. Chipsera chimenechi pachokha sichiletsa mayi kuchira mwachibadwa. Zimenezo azamba adzaona potengera mmene mwana wagonera ndi mmene anachirira ana atatuwo. Pakadzafunika opaleshoni, dokotala nthawi zambiri amadutsa pa chipsera chomwecho.

Za ng'ombe yanu ndiye sindingakulonjezeni. Minofu itha kutalikirananso, khungu n'kulendewera pang'ono, ngakhale kwa ena mimba imabwerera bwino ndithu chifukwa lambiri lija linachotsedwa kale. Zidzadziwika mwana akatha kuyamwa thupi litakhazikika. Koma nkhani ya ndalamayi musamaitchule pamaso pawo, chifukwa ndikukayikira kuti ndi imene yawamangitsa chitenje. Ndipo poti munagwirizana kuti ana akwana, ulendo uno pokambirana za kulera ku sikelo mufunsenso za njira yotseka abambo. Imatenga mphindi zochepa, ndi jakisoni wa dzanzi chabe, ndipo mumabwerera ku Bvumbwe tsiku lomwelo.